Kachipinda kobisa pepo ku Chilomoni

Kuseri kwa nyumba ina ku Chilomoni, mu mzinda wa Blantyre, kuli kachipinda kamene makatani ake satsegulidwa masana. Umu ndimo mayi wina wopanga makeke a ukwati amaumbira maluwa a shuga. Ndinawayendera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, jakaranda atachita maluwa a pepo m'misewu ya m'tauni. Nyengo imeneyi akwati ambiri amafuna pepo yemweyo, pa madiresi a operekeza ndi pa keke pomwe.

Ukangolowa, kumanzere kuli tebulo loumbirapo. Pamenepo amakandira gum paste: shuga wa ayisingi, choyera cha dzira ndi kaufa kotchedwa tylose, kamene kamathandiza kuti shugayo atanuke ali wofewa, kenaka aume gwa. Amayiwa anabenthula kambulu kakang'ono, n'kukapapatiza mpaka kupyapyala ngati khoko la anyezi, n'kudula timasamba ta duwa, kalikonse pa waya wake. Zala zawo zinali kuthamanga, pakuti shugayu sachedwa kuuma mwezi uno.

Chimene anafunitsitsa kuti ndione chinali pawindo, kuseri kwa katani. Panali duwa limodzi limene analisiya dala padzuwa. Kenaka anatsegula katoni ya nsapato n'kutulutsa linzake, loumbidwa tsiku limodzi, kuchokera ku mbulu umodzi. La m'katoni linali pepo weniweni, wozama. La pawindo linali litasanduka buluu wotuwa, wodwala, moti mkwati atalilandira akhoza kulira.

Chifukwa chake chili pa shelefu ya timabotolo ta utoto, pafupi ndi khomo. Pepo wa m'botolo kawirikawiri ndi mitundu iwiri yosakaniza, wofiira ndi buluu. Buluuyo, amene pa lebulo amalembedwa E133 kapena Blue 1, amapirira kuwala. Vuto ndi wofiirayo. Opanga utoto akhala akukonda erythrosine, wolembedwa E127 kapena Red 3, chifukwa kufiira kwake n'kwa pinki wowala ndipo akakumana ndi buluu amabereka pepo wokongola zedi. Koma iyeyu ndiye amafooka msanga ndi kuwala. Dzuwa likamudya, buluu amatsala yekha. Ngakhale magetsi a machubu aatali aja amachita zomwezo, kungoti pang'onopang'ono. N'chifukwa chake amayiwa akagula botolo, kaya labwera ndi a geni ochokera ku Johannesburg, sakhulupirira mtundu wa pa chivindikiro. Amalitembenuza n'kuwerenga tizilembo ta kumbuyo.

Wofiira wopirira alipo. E129, amene ku America amamutcha Red 40, sazilala msanga, ngakhale pepo wake amapendekera ku mtundu wa vinyo. Palinso carmine, E120, wochokera ku tizilombo ta cochineal timene timaswana pa mitengo ya cactus, makamaka ku Peru. Ameneyu ndi wolimba kwambiri padzuwa. Red 3 uja masiku ake akutha ku America: mu Januwale 2025 bungwe la FDA linamuletsa mu zakudya chifukwa cha kafukufuku amene anaonetsa khansa mu makoswe, ndipo opanga zakudya anapatsidwa mpaka Januwale 2027 kuti asinthe.

Pakona, pafupi ndi ketulo, ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa luso lenileni lili pamenepo. Amayiwa sadalira utoto wa mkati mwa shuga wokha. Amayamba ndi mbulu wa pinki wopangidwa ndi wofiira wolimba uja, n'kudonthezamo buluu ndi nsonga ya kamtengo kotokosera mano, pang'onopang'ono. Akatero amaukulunga mu pulasitiki kuti ugone, poti mtundu umakhwima usiku. Duwa likauma, amatenga kaburashi kofewa n'kulipaka utoto wa ufa, wochuluka mkati mwa duwa, wochepa chakunsonga. Ndinaona tsamba lofooka mtundu likudzuka pansi pa burashiyo. Pomaliza analidutsitsa pa nthunzi ya ketulo mwachangu, kungopereka moni, ndipo ufa uja unamatirira n'kuwala pang'ono. Ukachedwetsa dzanja, tsamba limalefuka n'kugwa pa waya.

Pa utoto wa ufa pafunika maso. Wina umene sufuna kuzilala umalembedwa kuti ndi wokongoletsera chabe, si wodya. Maluwa opakidwa umenewo amayenera kuchotsedwa keke asanadulidwe, ndipo amayiwa amauza akomiti a ukwati zimenezi mosabisa mawu. Ndinawafunsa za utoto wachilengedwe, monga madzi a kabichi wofiira. Anapukusa mutu: mandimu pang'ono amausandutsa pinki, soda amaupititsa ku buluu ndi kobiriwira, ndipo pa keke ya munthu amene walipira sangayerekeze.

Khoma lakumapeto ladzaza makatoni otsekedwa, lililonse ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi. Mufiriji maluwa saloledwa, chifukwa akatuluka amachita thukuta. Mvula ikayamba mu Novembala, nkhondo zimakhala ziwiri: kuwala ndi chinyontho.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ntchito yonseyi ikhoza kuonongeka Loweruka m'mawa, m'manja mwa anthu ena. Maukwati a m'magadeni achuluka, ndipo okongoletsa malo amakonda kuika tebulo la keke poyera, kuti aliyense ajambule. Keke imakhala pamenepo kuyambira m'mawa, perekaniperekani yense mpaka nthawi yoidula dzuwa litapendeka. Amayiwa tsopano amanyamula maluwa padera, mu katoni yake, n'kukawabaya pa keke alendo atatsala pang'ono kufika. Asanalandire dipoziti amafunsa kaye kuti tebulo lidzakhala pati, ndipo akamva kuti ndi pa kapinga popanda tenti, amapempha akuchikazi kuti asankhe: mthunzi, kapena mtundu wina.