Chithunzi cha gauni sichinena zonse

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, ndipo nthawi zambiri ndimaigwirira pa Chirunga ku Zomba, pamene pali Yunivesite ya Malawi. Aliyense wogwira kamera pamalowa amadziwa kuti ndalama zili pa tsiku limene ophunzira amavala magauni n'kulowa mu Great Hall kukalandira madigiri. Makolo amachokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, agogo atavala chitenje chatsopano, ndipo palibe amene amanenerera mtengo. Tsikulo sindilinyoza, pakuti ndilo limatidyetsa. Komabe mwa zithunzi zonse za pachaka, cha gauni ndicho chimanena zochepa za moyo wa pasukulupa, ndipo wojambula amene amangotulukira tsiku lokhalo amasiya ntchito yaikulu ili chikhalire.

Gauni inasokedwa kuti ifananitse anthu. Mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi wa fodya amaoneka chimodzimodzi akaivala, ndipo ifenso timawonjezera kufananako. Nsalu yakuda imapusitsa kamera, chifukwa kachipangizo koyeza kuwala kamaganiza kuti kwada, n'kuwalitsa chithunzi mopitirira mpaka gauni kuoneka yotuwa. Chisoti nacho chimagwetsa mthunzi m'maso dzuwa likakhala paliwombo. Mankhwala ake tonse timawadziwa: kumuimika munthu pamthunzi, kuyeza kuwala pankhope osati pansalu, ndi kuthira kafulashi pang'ono. Zotsatira zake ndi zithunzi zaukhondo mazanamazana zimene mutachotsa nkhope simungadziwe kuti ichi ndi cha chaka chiti. Chonsecho sukuluyi yasintha kwambiri. Pamene inkatchedwa Chancellor College, inasamukira ku Zomba kuchokera ku Chichiri mu 1973, pa nthawi imene wophunzira ankagona ndi kudya pasukulu pomwepo. Mu 2021 makoleji a Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kupanga mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS. Lero ophunzira ambirimbiri amachita lendi ku Chikanda, amaphika pambaula ndipo amalawirira wapansi kupita m'kalasi. Mbiri imeneyi imaoneka pa chithunzi cha mnyamata amene akudumpha chithaphwi, laputopu ataikulunga m'jumbo.

Kuti ujambule zotere umayenera kukhalapo chaka chonse, ndipo kalendala ya sukulu siyodalirika. Mu 2011 maphunziro anaima kwa miyezi yambiri pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi, ndipo mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Zikatero semesita imasuntha, mayeso amagwa mwezi wina. Chimene sichisuntha ndi nyengo, choncho ine chaka ndimachiwerenga ndi kuwala. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Zomba, kuwala kumafewa ndipo khungu lakuda limatuluka bwino popanda fulashi. Imeneyo ndi nthawi ya nkhope, ya majuzi, ya anthu owothera dzuwa kukhoma la laibulale. Mu Okutobala dzuwa limachita kuswa mtengo, ndiye pakati pa tsiku kamera ndimaisunga, n'kudikira m'mamawa kapena chakumadzulo pamene fumbi limafiiritsa mpweya. Mvula ikayamba, udzu umabiriwira mpaka kubiriwirako kumadzera pankhope, ndipo umafunika kukonza mtundu usanatsuke chithunzi. Usiku wa mayeso ndiwo wovuta koposa. Magetsi akathima, gulu lowerengera limodzi limaunikira ndi mafoni, ndipo ukangothira fulashi wapha zonse zimene unabwerera. Umatsegula lenzi yonse, kutsamira khoma, kugwira mpweya, n'kulolera kuti chithunzi chikhale ndi timadontho.

Ena amati masiku ano wophunzira aliyense ali ndi foni, nanga wojambula ngwachiyani? Zoona, pasukulupa pamajambulidwa zithunzi zambiri pa tsiku limodzi kuposa zimene ine ndingajambule pachaka. Koma taonani kumene zimathera. Choikidwa pa sitetasi ya WhatsApp chimazimirira pakatha maola 24, chotumizirana chimafinyidwa mpaka sichingatsukidwe chachikulu, ndipo foni ikabedwa kapena kugulitsidwa kuti papezeke ya lendi, zaka zinayi zimapita nayo. Kuwonjezera apo, munthu amadzijambula pamene watchena. Sajambula mzere wa pa ofesi ya ngongole za ophunzira, kapena mayi wogulitsa mandasi pageti, kapena mesho wake atagona pamabuku, chifukwa kwa iye zimenezi ndi za masiku onse.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi china: kodi sikuyalutsa ana a eni kujambula umphawi wawo? Wophunzira amene wagona ndi njala sanabwere ku yunivesite kudzakhala chionetsero, ndipo chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwezeka. Apa yankho lili m'kagwiridwe ka ntchito. M'chipinda cha munthu sindilowa ndi kamera osaodira, ndimamuonetsa chimene ndajambula, ndipo akati chifufutidwe chimafufutidwa pomwepo. Pa zionetsero ndimapewa nkhope zimene zingadzaike munthu m'mavuto. Ndiponso chaka sichikhala cha mavuto okhaokha: muli kwaya, muli mpira, muli zisudzo, muli zibwenzi zoyenda pang'onopang'ono madzulo. Wojambula amene amangosaka misozi amanama mofanana ndi amene amangosaka magauni.

Nanga adzalipira ndani? Kunena zoona, palibe amene amagula chithunzi cha mbaula. Ndalama za tsiku la magauni ndizo zimalipirira miyezi ina yonseyo, ndipo phindu la zithunzi zinazi limachedwa. Amazifuna ndi anthu amene anamaliza kalekale, pamene nyumba imene ankagonamo yagwetsedwa. N'chifukwa chake gawo lotopetsa la ntchitoyi ndimaligwira mosanyinyirika. Chithunzi chilichonse ndimachilemba tsiku, malo ndi chimene chinkachitika, ndimachisunga pa mahadi dilaivi awiri osiyana, ndipo zabwino kwambiri ndimazitsuka papepala. Nyumba yosungira mbiri ya dziko, National Archives, ili mu Zomba momwemu, ndipo chithunzi chopanda deti ngakhale kumeneko chingavute kuchigwiritsa ntchito.