Prado ya amalume: ndigulitse kapena ndisunge?

Galimoto yomwe ndimayendera inapangidwa mu 2004, ambiri mwa ana amene akuphunzira pa Catholic University ku Nguludi panopa asanabadwe. Ndi Toyota Land Cruiser Prado VX, ija amaitcha 120, ya dizilo, injini ya malita atatu. Pa nthawi yake inali ya mabwana enieni: mipando yachikopa, mpweya wozizira, zitseko zolemera zotsekeka mwaulemu. Lero chikopa cha mpando wa dalaivala chinachita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, wailesi imagwira ikafuna, ndipo m'mawa wa mu Juni imayamba yatsokomola kaye utsi isanavomere kuti kwacha.

Amalume anaigula ku Johannesburg mu 2011 itayendapo kale, iwo atagwira ntchito ku Joniko zaka zambiri. Anaiyendetsa okha kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, Zobue, mpaka kulowa pa Mwanza. Atamwalira mu 2019 tinapeza kuti analemba wilu. Nyumba ya ku Blantyre anasiyira akazi awo ndi ana, galimoto anasiyira ine, mphwawo wamkulu. Kwathu kuno ku Chiradzulu ndife achikamwini, ndipo amalumewo ndiwo anali mwini mbumba. Panalibe amene anafunika kumumasulira wiluyo. Aliyense anamva kuti kiyi wa galimoto wabwera pamodzi ndi mbumba.

Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe watopa nayo Prado imeneyi. Sabata siitha osanditumizira chithunzi pa WhatsApp. "Achimwene, taonani iyi. Ya 2017, sinayende kwambiri, ili ku Japan. Chiphakasa chanucho gulitsani chisanakufereni m'manja." Anzanga akuntchito ku Limbe nawo ndi omwewo. Wina anandiuza tikudya chipisi kuti, "Aise, galimoto ukamaidziwa ndi kulira kwa mbali iliyonse, ndiye kuti yakwana nthawi."

Ndisaname, zithunzizo zimandikoka mtima. Prado ya 150, yomwe inayamba kutuluka mu 2009, ndi yokongola, makamaka zija za nkhope yatsopano. Kuyambira mu 2015 ya dizilo inabwera ndi injini ya malita 2.8, yocheperako koma yamphamvu kuposa yangayi, ndipo imamwa mafuta mwaulemu. Ili ndi kamera yakumbuyo, ma airbag ochuluka, foni imalumikizika yokha. Pa msewu wa Zomba, pamene ma minibasi ndi ma Sienta amapitirirana pakona ngati ali ndi moyo wapadera, chitetezo si nkhani yoseka. Palinso kenakake kamene sitikonda kuvomera. Ukafika pa ukwati, anyamata oimitsa magalimoto amayang'ana kaye nyali zakutsogolo asanasankhe pokuimika. Yangayi masiku ano amaiimika kuseri, pafupi ndi pophikira.

Ndiye tsiku lina ndinakhala pansi ndi kope ndi cholembera.

Mtengo umene mumauona pa foni pa Be Forward kapena SBT ndi wa madola, ndipo umathera pa doko la Dar es Salaam. Kuchokera apo pali ndalama za padoko, za wokutulutsira galimoto, mafuta ndi dalaivala mpaka pa Songwe, kenako msonkho wa MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Galimoto ya injini yaikulu ngati Prado siidutsa pa boda mwachifundo. Tsono malipiro anga ndi a makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 usiku umodzi. Uwo ndi mtengo wa kubanki, pamene madola ake ukuwapeza. Amene anayesapo kulipira katundu kunja zaka zimenezi akudziwa kuti mtengo wa pa bolodi ndi wina, wa pamsewu ndi wina.

Ndikagulitsa yangayi, ndalama yake siingafike ngakhale theka la inayo. Yotsalayo ndi ngongole. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amakongoza munthu wamba ngati ine pamwamba pa apo. Tiyerekeze kuti akupatsa pa 30. Pa K10 miliyoni iliyonse imene wakongola, chaka choyamba ukupereka pafupifupi K3 miliyoni ya chiwongoladzanja chokha, galimoto isanamwe ngakhale lita imodzi. Onjezerani inshuwalansi ya comprehensive, pakuti banki siingalole chikole chake kuyenda ndi third party ngati mmene ndimachitira ine. Mng'ono wanga amati yatsopano idzandipulumutsa pa mafuta, ndipo sakunama. Dizilo anafika K2,734 pa lita mu Novembala 2023, ndipo kuchokera apo wakweranso. Koma nditawerengera maulendo anga a pamwezi, ndalama yomwe ndingapulumutse pa mafuta inali ngati ya ndiwo poyerekeza ndi yobweza kubanki.

Kope lija ndinapita nalo kwa amakaniko anga ku Ndirande, bambo amene ankaikonza galimotoyi amalume ali moyo. Sanaliyang'ane n'komwe. Anatsegula boneti, n'kuloza injini ndi sipanala.

"Bwana, iyi ndi 1KZ. Mwana aliyense pagalaja pano akhoza kuimasula usiku ndi tochi ya foni. Mdani wake ndi mmodzi, kutentha. Ikangowira, mutu wa injini umang'aluka. Ndiye inu samalani radiator, mapaipi a madzi, fani ndi lamba wa timing. Mukatero idzakukwirirani ndi iyoyi."

Za yatsopanoyo sananyoze. Anangondifotokozera mmene imagwirira ntchito. Injini za dizilo za masiku ano ndi za common rail: mafuta amalowa ndi mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo ta ma injector tosaoneka bwino ndi maso. N'chifukwa chake zimamwa pang'ono, komanso n'chifukwa chake sizigwirizana ndi kachitsotso kapena kadontho ka madzi. Tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya zaka zapitazi, kugona pa filling station, kenako n'kugonja n'kukagula wa m'zigubu amene sudziwa kuti anasungidwa mu chiyani. Yangayi inamwa dizilo wa m'zigubu ameneyo, tinangosintha fyuluta, basi. Zochokera ku Japan za 2.8 zilinso ndi DPF, kasefa kogwira mwaye mu ekizozi, kamene kamadziyeretsa galimoto ikathamanga mtunda wautali itatentha bwino. Ulendo wanga wa pa Njuli kukafika ku Limbe ndi waufupi, ndipo theka lake ndi kukwawa pamzere. Zimafunanso madzi ake aja a AdBlue. Chikavuta, pa dashibodi pamayaka nyali, ndipo pofunika kompyuta ndi munthu woidziwa. Anthu otero alipo mu Blantyre, koma sipeya wake nthawi zambiri ndi woitanitsa, ndipo woitanitsa ndi madola aja.

"Mukaumirira, tengani ya petulo ya 2.7," anatero. "Ilibe zambiri. Koma pokwera phiri ndi katundu muzidzamva chisoni, ndipo mafuta imamwa ngati yanuyi."

Zonsezi ndi masamu ndi zitsulo, ndipo wina wa ndalama zake akhoza kuzigonjetsa. Chimene chandigwira kwambiri ine ndi ntchito imene galimotoyi imagwira ikasiya tala.

Kumudzi kwathu, kupitirira Namitambo, Prado imeneyi siitchedwa yanga. Amati "galimoto yathu", kapena "ya amalume", ngati kuti eni ake angopita kokagula fodya. Foni ikalira 1 koloko usiku ndimadziwa kale. Mwina ndi mlongo wanga wa kwa amayi aang'ono, nthawi yake yakwana, ndipo njinga ya kabaza singamunyamule. Mwina ndi anganga, mpweya ukuwavuta. Yapita ku chipatala cha pa boma, yapita ku Nguludi, yapita ku Queens, kangati sindingawerenge. Mwana mmodzi m'banja mwathu anangotsala pang'ono kubadwira pa mpando wakumbuyo, ndipo mpaka lero amamuseka kuti dzina lake lenileni ndi Prado.

Pa maliro ndiye musanene. Imatenga ufa, nkhuni, mapoto akuluakulu a kumpingo, azimayi asanu ndi atatu pa malo a anthu asanu, onse akuimba. Mu Novembala imanyamula feteleza ndi mbewu. Nandolo akacha imanyamula matumba kupita nawo kumsika. Pa chinkhoswe cha msuweni wanga inanyamula mbuzi ziwiri ndi nkhuku, ndipo fungo lake linatha patapita mwezi. Pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe, agogo ena a mpingo wa PIM amayamba kundikumbutsa Khirisimasi isanafike kuti ndidzawaperekeze ku Mbombwe, mvula igwe isagwe.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe, misewu yambiri ya dothi m'boma lino inasanduka ngalande. Kwathu sikunafe munthu, koma nyumba zinagwa. Kwa masabata angapo galimoto zing'onozing'ono zinkathera pamene pathera tala. Prado inkalowa ndi giya yaing'ono ija, matope mpaka m'zitseko, itasenza mapepala apulasitiki, ufa ndi zofunda. Inakhulika m'mbali ndi minga, bampala inapindika pa mwala. Sindinagone nazo m'mutu. Zipserazo zikadalipo mpaka pano.

Funso limene ndinadzifunsa ndi ili: galimoto yoti mwezi uliwonse banki ikundidula theka la malipiro, yonyezimira, yoti kukala kumodzi kukundichotsera mamiliyoni pa mtengo wodzagulitsira, ndingailowetse m'ngalande zimene zija? Ndingakwezemo mbuzi? Ndimadzidziwa. Ndikanayamba ndi kuyala zitenje pa mipando. Kenako ndikanati matumba asapitirire atatu. Kenako foni ya usiku ndikanayamba kufunsa kuti, "Kodi simungadikire kuche?" Ndaona anthu abwinobwino akusintha chonchi, opanda nkhanza iliyonse mumtima. Ngongole ndiyo imawaphunzitsa kukana.

Amayi nditawaonetsa chithunzi cha mng'ono wanga chija anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa ndi nkhope.

"Yokongola," anatero. "Nanga ifeyo tizidzakweramo ndi matope kumapaziku?"

Ndinaseka, iwo sanaseke.

Komabe mng'ono wanga ali ndi mfundo imodzi imene sindingaithawe, ndipo ndi yomweyo ya foni ya usiku. Galimoto ya zaka zopitirira makumi awiri ikhoza kuzima pakati pa njira, mvula ikugwa, kumbuyo kuli munthu amene mphindi iliyonse ndi yofunika. "Achimwene, tsiku limenelo mudzawauza chiyani anthu? Kuti munkapulumutsa ndalama?" Funso limeneli lilibe yankho lokoma. Chomwe ndingachite n'kuonetsetsa kuti kusunga galimotoyi kusakhale kungoisiya kuti izikalamba yokha.

Ndiye ndagwirizana ndi mkazi wanga motere. Mwezi uliwonse tiziika padera gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene tikanamapereka kubanki, ndipo imeneyo ndi ya Prado basi. Sitidikira kuti chinthu chife. Radiator ndi mapaipi onse a madzi tasintha kale. Lamba wa timing, pampu ya madzi, ma ball joint, ma shock, batire ndi matayala zili pa mndandanda, chilichonse ndi mwezi wake. Kuntchito masiku ambiri ndimakwera minibasi pa Njuli, Prado n'kutsala kunyumba ndi mafuta osachepera theka la thanki, kuti ikaitanidwa isayambe yafuna filling station. Zimenezi zachepetsanso ndalama ya dizilo kuposa mmene injini ya 2.8 ikanachepetsera.

Taikanso malire, kuti chikondi cha amalume chisatipusitse. Chasisi ikadyeka ndi dzimbiri, kapena giyabokisi ndi injini zikafuna kumasulidwa chaka chimodzi, kapena ndalama yokonzetsera ya pachaka ikayandikira yobweza ngongole, tidzaigulitsa mosalira. COF ya chaka ndi chaka ku Road Traffic sindiitenga ngati chipepala chongoonetsa apolisi. Ndimapita nayo ndekha, ndipo chimene anena ndimakonza. Tsiku logula ina likadzafika, ndidzafunsa mafunso atatu ndisanayang'ane nyali zake: kodi sipeya wake ali mu Limbe? Kodi amakaniko a ku Ndirande angaitsegule? Kodi ndingakwezemo mbuzi mtima osandipweteka?

Sindikunena kuti aliyense amene ali ndi Prado, Pajero kapena Discovery yakale aikakamire. Ngati mumalipidwa madola, kapena mumayenda Blantyre ndi Lilongwe sabata iliyonse pa tala, masamu anu ndi ena, ndipo yatsopano ikhoza kukuyanjani. Ngati galimoto yanu ndi yanu nokha, gulani chimene mtima wakonda. Koma ambiri a ife amene tinayamba kulandira malipiro m'banja mwathu sitiyendetsa galimoto yathu tokha. Musanadine pa chithunzi chija, werengani kaye anthu amene ali ndi nambala yanu pansi pa dzina loti "Galimoto". Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mng'ono wanga sanagonje. Dzulo watumiza ya 250, ija yangotuluka mu 2024, ndi uthenga woti, "Iyi ndiye simungaikane." Ndamuyankha kuti ndaiona, ndi yokongoladi, ndipo ngati ali ndi kenakake kapadera mwezi uno atumize, ma shock akumbuyo akufunika mvula isanayambe. Watumiza theka.