Mpando wa m'ndege ndi mpando wa m'minibasi

Anzanga aphunzitsi, komanso inu amene munadutsa m'manja mwathu, lero tikambe za mipando. Musaseke.

Ku Ndirande, ku Chirimba ndi kuseri kwa msika wa Limbe kuli anyamata odziwa kusoka mipando. Apatseni sofa yakutha kapena mpando wa Hiace umene wayamba kulasa anthu ndi waya, pakutha masiku atatu simungauzindikirenso. Mmodzi mwa anyamatawa ndinamuphunzitsa Physical Science, kale phunziroli lisanagawidwe pawiri. Mwezi watha anabwera kunyumba atakwiya. Bwana wina amene ali ndi kandege ka anthu anayi ku Chileka anamuitana kuti akute mipando yake, koma injiniya wosamalira ndegeyo anakaniza, ati nsalu ndi siponji za mumsika sizilowa m'ndege.

"Aphunzitsi, kodi sikutinyoza kumeneku chifukwa ndife a ku Ndirande?"

Ndinamuuza kuti injiniyayo sananyoze singano yake. Chimene amaopa ndi moto. Siponji imene timakhalira m'masofa mwathumu imayaka msanga, ndipo utsi wake umakhala ndi carbon monoxide ndi hydrogen cyanide. Pa 22 August 1985, injini ya ndege ya Boeing 737 inagwira moto pa bwalo la ndege la Manchester isananyamuke n'komwe. Anthu 55 anafa, ambiri mwa iwo osati ndi malawi koma ndi utsi wa zinthu zam'kati. N'chifukwa chake nsalu ya m'ndege zikuluzikulu imayesedwa. Amaipachika, n'kuyatsa Bunsen burner pansi pake kwa masekondi 12, yofanana ndithu ndi imene ili mu labu yathu ija gasi akapezeka. Akachotsa motowo, nsaluyo izime yokha pasanathe masekondi 15, ndipo popsapo pasapitirire masentimita 20. Kwa tindege ting'onoting'ono lamulo ndi lofewerapo, komabe injiniya amafuna pepala losonyeza kuti nsaluyo inayesedwa, chifukwa dzina lake ndi limene limalembedwa m'buku la ndegeyo.

Palinso kulemera. Cessna 172, kandege kamene anayamba kukagulitsa mu 1956, kamanyamula makilogalamu pafupifupi 400 okha, kuphatikiza mafuta, woyendetsa ndi katundu. Mukaika chikopa chokhuthala ndi siponji yambiri kuti bwana akhale mwa wedewede, mwadya malo a mafuta.

Tsono mtengo. Ku America kuli makampani ngati Airtex amene amagulitsa zovala za mipando zosokeratu molingana ndi mtundu wa ndege, mwini wake n'kungoveka. Zimenezo ndi madola masauzande angapo, musanawerengere ndalama yotumizira ndi msonkho. Ena amamasula mipando n'kuitumiza ku South Africa, kumene pa mabwalo ngati Lanseria ndi Wonderboom pali amisiri a ntchito imeneyi. Munthu akafuna kukonzetsa m'kati monse, mipando, makoma, kapeti ndi denga, ndi chikopa chabwino, mtengo umadutsa madola 10,000 mosavuta. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, pafupifupi K1,750 pa dola, ndi ndalama zoposa K17 miliyoni. Aphunzitsi anzanga, werengerani nokha kuti ndi malipiro a zaka zingati. Ine ndinaleka pakati, mutu unayamba kuwawa.

Njira imene inandikhalira mumtima ndi yoti nsalu, siponji ndi ulusi zoyesedwa zibwere kuchokera kunja ndi mapepala ake, kusoka kuchitike konkuno, injiniya aone n'kusaina. Pamenepa mnyamata wa ku Ndirande ali ndi malo. Manja ali nawo kale. Chimene akusowa ndi kuwerenga pepala la nsalu n'kulimva, kuyeza kulemera kwa mpando asanauyambe ndi atamaliza, komanso kulemba zimene wachita. Zonsezi ndi zinthu za m'kalasi mwathu, zimene ana amaziona ngati zongolembera MSCE basi. TEVETA ilipo kuyambira 1999, Soche Technical College ili pomwepa, koma anyamata ambiri osoka mipando amene ndimawadziwa anaphunzira kwa malume awo pansi pa mtengo, ndipo alibe kapepala kalikonse koonetsa luso lawo. Mwini ndege amalipira pepala kuposa mmene amalipirira dzanja, ndipo pa nkhani ya moto sindingamunene.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere si ndege ayi. Ndi angati mwa ife amene tidzakwereko kandege ka anthu anayi? Tonse timakwera minibasi. M'mawa uliwonse ana athu amathithikana mu Hiace pa Chipembere Highway, kuchokera ku Limbe kupita m'tauni. Zambiri mwa galimotozi zinabwera zili zonyamulira katundu, mipando n'kuwotcherera konkuno, siponji yake yotchipa kwambiri imene mwini galimoto anaipeza. Chitseko cha apaulendo n'chimodzi, ndipo china chimatseguka pokhapokha kondakitala achimenye ndi phewa. Nthawi ya vuto la mafuta mumaona nokha zigubu za petulo pansi pa mpando wakumbuyo. Mpando wa anthu anayi olemera uli ndi pepala, injiniya ndi siginecha. Mpando wa anthu 16 sufunsidwa kanthu.

Teremu ikubwerayi ndikufuna kutenga tizidutswa titatu, siponji ya mumsika, nsalu ya thonje ndi ya ubweya wa nkhosa, tikayatse panja kuseri kwa labu ndi ana a Fomu 3, wina atagwira wotchi, wina lula, onse ataima kumene mphepo ikuchokera. Siponji ndi thonje n'zosavuta kupeza. Amene muli ndi juzi yakale ya ubweya weniweni, ya pa kaunjika imene njenjete zinaboola, mundisungire.