Khrisimasi ya makaroni ku Mtakataka

Anzanga a mumsika, Khrisimasi yapitayi ndinati ndikaonetse luso kwathu ku Mtakataka. Ku Lilongwe ndinagula tchizi ndi makaroni aakulu onga zigoba za nkhono. Phindu la madengu awiri a tomato linathera pomwepo!

Uvuni kumudzi mukaupeza kuti? Nditawiritsa makaroniwo, ndinaika tchizi ndi nkhwani m'chigoba chilichonse, supu ya tomato pamwamba. Poto pa mbaula, makala ena pa chivundikiro, monga tiphikira chikondamoyo. Ine thukuta kamukamu, kutentha kwa kunyanja mukukudziwa.

Zinapsa bwino, pamwamba psuu. Ana analimbirana mpaka kukombeza poto. Koma agogo atalawa kamodzi anandiyang'anitsitsa.

"Ndiwo zakoma, mdzukulu wanga. Nanga nsima ibwera nthawi yanji?"

Ndinatereka madzi mwakachetechete, n'kutuma mwana kukafuna usipa.