Ku Chikangawa mtengo subisa zaka, koma osewera mpira amabisa

Ukamachokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, ukangodutsa pa Jenda ndi pamphambano yolowera ku boma la Mzimba, basi imayamba kukwera mapiri a Viphya ndipo aliyense amayamba kufunafuna juzi m'chikwama. Ine ndidatsika pa Chikangawa mwezi wa June, dzuwa likupendeka, chifunga chitayamba kale kutsika m'mitengo ya paini. Kuzizira kwake si kwamasewera. Amayi ogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu adali atadzikulunga zitenje ziwiriziwiri, ndipo moni wawo woti “monile adada” unkatuluka ndi nthunzi kukamwa.

Ndidapitako kukaona mlongo wanga, amene adakwatiwa kumeneko, komanso kukakwaniritsa lonjezo. Mwana wake woyamba, wa zaka 15, ali Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera ya m'deralo, ndipo kwa miyezi itatu adakhala akunditumizira mauthenga pa WhatsApp ya amayi ake: “Asibweni, mubwere mudzandione ndikumwetsa zigoli.” Asibweni ndi amalume m'Chitumbuka. Nanga mwana akakuitana choncho ungakane bwanji?

Kuti mumvetse mpira wa kuno, muyambe mwamvetsa nkhalango. Nkhalango yobzala ya Viphya, yomwe ambiri timangoitchula kuti Chikangawa, ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo kwa zaka zambiri inkatchulidwa kuti ndi imodzi mwa nkhalango zobzala zazikulu kwambiri mu Africa. Mitengo yambiri idabzalidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndi cholinga choti idzapite ku fakitale yopanga zopangira mapepala imene inkayembekezeka kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo siyidamangidwe. Mitengo idakula, ndipo m'malo mwa mapepala kudabwera matabwa. Lero kuli fakitale ya Raiply, kuli ocheka matabwa, onyamula, oyendetsa malole, ndiponso mapiri ena omwe adatsala ambee chifukwa cha kudula ndi moto wolusa wa chaka ndi chaka.

Ntchito ya matabwa imakoka anyamata amphamvu kuchokera kutali. Munthu amene amasenza matabwa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka amafuna kupumira pabwalo la mpira. Ndiye kuno osewera a misinkhu ndi minofu ngosasowa. Ena amafika posewera m'matimu odziwika ngati Raiply FC, yomwe yakhala ikupikisana mu ligi ya chigawo cha kumpoto. Ambiri amathera m'matimu a m'midzi ndi m'mabonanza. Ndipo ena, monga ndidadzionera, amasanduka ana asukulu kwa mphindi 90.

Loweruka tidapita kubwalo. Sukulu ya mphwanga inkakumana ndi sukulu ina ya kumwera kwa Mzimba pa mpikisano wa masukulu. Mwanayo adadzuka 5 koloko kuchapa nsapato zomwe ndidamubweretsera za pakaunjika. Titafika, mphunzitsi wa zamasewero adawerenga mayina 11, koma la mphwanga padalibe. Nambala 9 idavalidwa ndi mnyamata wa chifuwa ngati thumba la chimanga, chibwano chili mbuu ndi zipsera za lezala. Alamu anga adandikodola.

“Alamu, mwamuona uyo? Ndi wapamacheka ameneyo. Ali ndi mkazi ndi mwana.”

“Ndiye akuphunzira pano?”

“Lero lokha,” adatero akuseka.

Sindidaseke. Ndidayang'ana mbali inayo n'kuona kuti nawonso adali ndi akuluakulu awo atatu kumbuyo. Mpira udayamba, nambala 9 uja adagoletsa ziwiri, atsikana adavina kuzungulira bwalo, sukulu idapambana. Mphwanga adakhala pansi pa kapinga mpaka oyimbira adaliza wezulo yomaliza, nsapato zake zili zoyera ngati momwe adazichapira.

Madzulo ake ndidakumana ndi nambala 9 uja pa okala ina, akumwa tiyi. Sadali munthu woipa ayi, adandipatsa moni mwaulemu n'kundisendezera benchi. Adandiuza kuti ali ndi zaka 23, sukulu adalekezera Sitandade 8, ndipo tsiku limenelo adalandira K10,000 ndi chakudya. Dzina limene adasewerera ndi la mwana wina wa Fomu 3 amene sakonda n'komwe mpira. Mawa lake adali ndi bonanza kwina, komwe timu ya m'mudzi idamulonjeza ndalama ina.

“Akulu, ganyu ndi ganyu,” adatero. “Kaya ndi ya matabwa kaya ndi ya mpira, mwana kunyumba adye basi.”

Ndidalephera kumutsutsa. Ku Mzimba kuno mnyamata akafika zaka 20 njira zimene amaziona ndi zochepa: munda, matabwa, kabaza, kapena kukwera basi ya ku Joni monga adachitira abambo ake ndi agogo ake. Munthu wotere ukamulonjeza K10,000 kuti athamange masana amodzi, sangafunse kuti malamulo a mpikisano akuti chiyani. Amene ayenera kufunsa ndi uyo adatulutsa ndalamayo ndi uyo adalemba dzina labodza pa pepala.

Nkhani imeneyi si ya Chikangawa yokha, ndipo ife Amalawi tiyenera kuidziwa bwino kuposa ena. M'chaka cha 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 womwe udachitikira ku Algeria, timu ya Niger idachotsedwa chifukwa cha chinyengo cha zaka. Malo ake adapita kwa Malawi, ndipo ndi momwe tidapezera mwayi wokasewera World Cup ya msinkhu umenewu ku Nigeria chaka chomwecho. Tidagonja masewero onse atatu, komabe mbendera yathu idakwezedwa. Pa mpikisano wa ku Nigeria womwewo ndi pomwe bungwe la FIFA lidayamba kuunika osewera ndi makina a MRI. Amajambula fupa la pamkono, pomwe timavala wotchi. Mwa mwana amene akukula, kumapeto kwa fupalo kumakhala kampata. Kampatako kakatsekeka kotheratu, amati mwiniwake mwachidziwikire wadutsa zaka 17. Njirayi ili ndi otsutsa ake chifukwa matupi sakula mofanana, koma yagwira ambiri. Kumayambiriro kwa 2023, bungwe la mpira la ku Cameroon, lomwe mtsogoleri wake ndi Samuel Eto'o, lidachotsa anyamata 21 mwa 30 atalephera kuunikaku.

Ngakhale ku America, komwe ndalama si vuto, adavutika ndi funso lomweli la amene ali woyenera kusewerera sukulu. Kumeneko mpira wa m'mayunivesite, uja wogwira ndi manja atavala zipewa zolimba, umadzaza mabwalo akuluakulu, koma kwa zaka zambiri bungwe la NCAA linkaletsa kulipira osewera. Mu 2010 kudabuka nkhani yoti bambo ake a Cam Newton adapempha ndalama kuti mwana wawo akasewerere yunivesite ya Mississippi State. Bungwelo lidapeza kuti bamboyo adapemphadi, koma lidati palibe umboni woti mwanayo kapena yunivesite ya Auburn, komwe ankasewera, ankadziwa, ndipo adamulola kupitiriza. Kuyambira 2021 malamulo adasintha, osewera akuloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina lawo ndi kutsatsa malonda. Iwo adaona kuti kulipira mobisa sikutha, adakutulutsira poyera. Koma onani kusiyana kwake: amene akulipidwa kumeneko ndi wophunzira wolembedwa m'kaundula wa sukuluyo. Kwathu kuno amene akulipidwa ndi mlendo, wophunzira weniweni ali pa benchi.

Lolemba ndidatsikira ku boma la Mzimba kukakwera basi. Ndili pa depoti ndidacheza ndi bambo wina wopuma pa ntchito yauphunzitsi, amene adati adaphunzitsapo masewero m'masukulu a kufupi ndi Embangweni. Iye sadabise. Adati mphunzitsi akagonja kawiri, makolo ndi ana omwe amamunena kuti sadziwa ntchito, ndiye akamva kuti anzake akubwereka osewera, nayenso amabwereka. Aliyense amati akungodziteteza. Ndidamufunsa ngati pali mankhwala ake.

“Alipo, mwana wanga, ndipo safuna makina a ku chipatala,” adayankha. “Kaundula wa kalasi, chithunzi cha mwana pa khadi losainidwa ndi ahedi, ndi kuima pamzere mpira usadayambe kuti timu inayo ione nkhope. Ana amadziwana. Vuto ndi loti akulu safuna kufunsa.”

Adanenanso zoona pa mfundo ina. Kale munthu ankatha kukhala ndi zaka zitatu zosiyana, zakunyumba, zakusukulu ndi zampira, chifukwa ambiri tidabadwa popanda chikalata. Koma kuyambira 2017, pomwe bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu m'dziko lonse, aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo akuyenera kukhala ndi chiphaso chaunzika, ndipo ana akulembedwa akangobadwa. Chida chilipo. Chatsala ndi munthu wolimba mtima woti anene pabwalo kuti “tione chiphaso”, ngakhale wofunsidwayo atakhala wa timu yake yomwe.

Mwina mukuti, aise, ndi mpira wa kusukulu chabe, chavuta n'chiyani? Chavuta ndi ichi: m'mera mpoyamba. Mwana wa zaka 15 amene sakupatsidwa mpata lero sadzaphunzira kusewera pamaso pa anthu, ndipo ofuna osewera ochokera ku matimu a ku Mzuzu akabwera adzalemba dzina la munthu amene watsala ndi zaka zochepa kuti miyendo iyambe kulemera. Tikatero timadabwa kuti bwanji anyamata athu amawala ali “ang'ono” kenako n'kuzimirira msanga. Chinanso, mwana uja waphunzira phunziro lomwe silili pa silabasi, loti kukhulupirika kumakukhazika pansi ndipo akulu amene amakulanga ukabera mayeso ndi omwewo amabera mpira.

Ndisadachoke ku Chikangawa, alamu adanditengera kunkhalango komwe amagwira ntchito. Adandionetsa chitsa cha paini wongodulidwa kumene, n'kuyamba kuwerenga ndi chala mizere yozungulira ya mkati mwake, mzere umodzi chaka chimodzi. Adafika pa 14 n'kupukusa mutu, amvekere mtengo uwu audula usadakhwime, matabwa ake sachedwa kupindika. Mphwanga adali pambali, chete, manja m'thumba.

Pobwerera ndidamufunsa ngati apitirize kupita kokonzekera masewero. Adati kaya, mwina ayambe volebo. Ndidamuuza kuti asafulumire, ndipo ndidapempha mlongo wanga kuti pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi akaimirire n'kufunsa funso limodzi lokha: ana amene amavala yunifomu ya timu Loweruka, kodi ndi omwe amakhala m'kalasi Lolemba? Adati akafunsa, ngakhale akudziwa kuti ena akamuyang'ana ndi diso lofiira.

Sabata yatha mwanayo adanditumiziranso uthenga. Adati nsapato zija akuzisungabe pansi pa bedi, ndipo Lachitatu adapita kokonzekera.