Dzuwa la Disembala Linandiulula

Pa tchuthi cha Ogasiti chaka cha 2024 ndinachita kanthu mobisa, ndipo kanadzandiulula pa Khirisimasi.

Achimwene anga ali ndi kashopu ka malata pafupi ndi msika wa pa Mangochi, m'mene amakonzeramo mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. M'kompyuta yawo muli graphics card, kachipangizo kamene kamasenza ntchito ya zithunzi. Yawoyo ndi GTX 1050 Ti ya Nvidia, yomwe inatuluka mu 2016. Ine ndinkawathandiza, koma ndinkatopa kudikira vidiyo kuti ithe.

Mnzanga wina anandionetsa pulogalamu ya MSI Afterburner, yomwe imalola munthu kukweza liwiro la khadi kupyola pamene anaika opanga. Ntchitoyi amaitcha overclocking. Madzulo ena achimwene atapita kukajambula ku Monkey Bay, ndinakweza core clock, ndilo liwiro la ubongo wa khadi, ndi 200 MHz. Memory clock, liwiro la malo osungira zithunzi, ndinalikweza ndi 700 MHz. Ndinayesa kwa mphindi khumi, zonse zinali bwino. Kunja kunali kamphepo ka mwera. Ndinatchera kuti liwiro limeneli lizibwera lokha kompyuta ikamayaka, kenaka ndinabwerera ku sukulu osauza munthu.

Nditafika m'Disembala ndinapeza achimwene ali jenkha. Anati kuyambira Okutobala kompyuta yakhala ikuchita misala: masana sikirini imada mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina pa nkhope za anthu pamatuluka timadontho tobiriwira. Pa tebulo panali ntchito ya ukwati wa mnyamata wa kwa Mponda wogwira ntchito ku Joni. Anali atalipira kale theka, ndipo basi yake yobwerera inali itatsala masiku anayi. Achimwene anali atayamba kufunsa za ngongole yogulira khadi lina.

Usiku umenewo sindinagone. Kutacha ndinati, "Achimwene, khadi lanu silinafe. Ndinaligwira ndine." Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Iwe, bwanji sunanene? Khala apa, ukonze ine ndikuona."

Choyamba ndinabweza zonse pamene anaika opanga. Timadontho tija tinatheratu. Pamenepo tinadziwa kuti khadi n'lamoyo, ndi kuti vuto si magetsi kapena Windows. Tsiku lomwelo vidiyo ya ukwati inatha bwinobwino, ndipo mwini wake anainyamula basi isananyamuke.

Koma achimwene sanandisiye. Anafuna kuti ndimvetse chimene chinachitika. Tinatsegula kompyuta n'kupeza fumbi litamata pa fani ngati thonje. Tinalipukuta, n'kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuti kutentha kuchoke pa chip. Kenaka tinayamba kuyesa ndi pulogalamu ya Unigine Heaven, osati madzulo ayi, koma nthawi ya 2 koloko masana, malata akuwotcha.

Tinkasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Core clock tinkaikweza ndi 25 MHz, n'kudikira ola lathunthu tikuyang'ana kutentha kwake. Itapyola malire, sikirini inada n'kuyakanso. Windows imachita zimenezi dala: khadi likapanda kuyankha kwa masekondi 2, imadzutsanso driver yake. Tsiku lina tinasiya core clock n'kuyamba memory clock. Iyi itapyola malire, ndi pamene timadontho tinabwerera. Choncho matenda anali awiri, koma poti ndinakweza zonse pamodzi, palibe akanawasiyanitsa.

Ndinaphunziranso chifukwa chake zinayenda mu Ogasiti. Chip chikazizira chimapirira liwiro limene sichingapirire chikatentha. Mphindi zanga khumi m'nyengo ya mwera sizinatsimikize kanthu. Mayeso enieni anali dzuwa la kuno kunyanja, fumbi la miyezi inayi, ndi vidiyo ya maola atatu.

Pamapeto tinapeza kuti khadi limapirira 75 MHz yowonjezera tsiku lonse. Titawerengera, phindu lake linali laling'ono zedi. Achimwene anaseka nati, "Mphwanga, ungandiluzitse kasitomala chifukwa cha zimenezi?" Anabweza zonse pa 0, ndipo mpaka lero zili pomwepo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekhako kunanditengera masiku atatu okha. Chimene chimandilasabe mtima ndi miyezi iwiri imene achimwene anavutika, akukayikira magetsi, akukayikira amene anawagulitsa kompyuta, akupepesa makasitomala, pamene yankho linali m'kamwa mwanga. Ndikanasiya kapepala kolemba manambala awiri aja, akanakonza okha m'mphindi imodzi.

Tsopano pakhoma la shopu pali kope. Aliyense wosintha kanthu m'kompyuta amalembamo tsiku ndi chimene wasintha. Tsamba loyamba ndinalemba ndine.