Maso kapena malata

Ndavala magalasi kuyambira ndili Sitandade 6. Ndikawavula, ngakhale nkhope ya mwana wanga imangooneka mbuu. Choncho dokotala wina ku Johannesburg atandiuza kuti laser ikhoza kukonza vutoli, mtima unadumpha. Akuti amapala pang'ono khungu loonekera la kutsogolo kwa diso kuti kuwala kuzifika pamalo pake, ndipo theka la ola lisanathe umakhala watuluka.

Kenako anandipatsa pepala la mtengo. Medical aid yanga silipira opaleshoni yotere. Ndinawerengera ndili m'minibasi: ndalamazo zinkangofanana ndi za malata amene ndinalonjeza amayi ku Dedza mvula isanagwe.

Panalinso china. Ndili ndi zaka 39, ndipo dokotalayo sanabise: m'zaka zochepa magalasi owerengera ndidzawafunabe, laser kapena ayi. Maso akhozanso kumauma kwa miyezi ingapo.

Ndinaimbira amayi. Anati, "Konzetsa maso, mwanawe, udzu ulipo." Amatero nthawi zonse, ngakhale denga likudontha pamphasa pawo.

Ndinatumiza za malata. Pepala lija likadali m'chikwama, ndipo magalasi akachita nthunzi m'khitchini ndimalikumbukira.